Makalata Awiri pa Mphasa: Zoyenera ndi Zosayenera Posankha Sukulu ya Udokotala

Kuno ku Mtenguleni, mwana akalandira makalata awiri omuitana kukaphunzira udokotala, mudzi wonse umamva dzuwa lisanalowe, ndipo ena amayamba kale kumutchula kuti "adokotala". Chimwemwe chimenecho n'chabwino. Koma zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri si ulendo wa tsiku limodzi wopita ku Chipata, ndipo ng'ombe zimene zidzatuluke m'khola n'za banja lonse. Mtima wanga uli pa chinthu chimodzi: sankhani sukulu imene mudzathe kuimaliza.

Zoyenera: werengani kalatayo kawiri, mumve chimene akuitanirani. Ku University of Zambia, ambiri amayamba ku sukulu ya Natural Sciences, kenako amapikisana ndi anzawo pa mayeso kuti apeze malo ku Ridgeway, kumene kuli sukulu ya udokotala.
Zosayenera: musaganize kuti kulowa pa geti ya UNZA ndiye kuti mwalowa udokotala. Dzifunseni ngati mungakhutire ndi maphunziro ena mukapanda kusankhidwa.

Zoyenera: fufuzani nokha ku Higher Education Authority ngati sukuluyo inalembetsedwa, ndi ku Health Professions Council of Zambia (HPCZ) ngati maphunziro ake a udokotala ndi ovomerezeka. HPCZ ndiyo idzakupatseni chilolezo chogwira odwala.
Zosayenera: musatumize ndalama ya "kusunga malo" pa nambala ya foni ya munthu amene mwadziwana naye pa WhatsApp.

Zoyenera: khalani pansi ndi makolo, amalume ndi aliyense amene walonjeza kuthandiza, mulembe ndalama za zaka zonse. Pamwamba pa mafizi pali lendi ya boarding house, chakudya, mabuku, mayendedwe opita kuchipatala tsiku ndi tsiku, ndi basi yobwerera kumudzi pakagwa maliro. Ku Lusaka mumakwera kamodzi pa Great East Road; ku Ndola, kumene kuli Michael Chilufya Sata School of Medicine ya Copperbelt University, kapena ku Livingstone, kumene Mulungushi University imaphunzitsira madokotala, ulendo umatalika ndipo mtengo umakwera. Funsaninso ngati sukuluyo ili m'gulu la zimene HELSB imaperekera loni, pakuti bungweli lakhala likuthandiza ophunzira a m'mayunivesite a boma. Loni ndi ngongole, mudzaibweza mukayamba ntchito.
Zosayenera: musawerengere chaka chimodzi chimene soya ndi nshawa zinagulidwa bwino. Amene anaona chilala cha 2024 akudziwa mmene nkhokwe imakhalira mvula ikadula. Chimandipweteka kwambiri ndi mwana wobwerera kumudzi ali m'chaka chachinayi, nzeru zilipo, khola lili mbee, pepala palibe. Sukulu yotchuka imene banja silingaikwanitse ndi yoopsa kuposa yopanda dzina lalikulu imene mungaimalize.

Zoyenera: funsani chipatala chimene mudzaphunzirire, kaya UTH, Ndola Teaching Hospital kapena Levy Mwanawasa, ndiponso kuti ophunzira angati amazungulira bedi limodzi pa raundi. Ena mwa madokotala achinyamata amene ali ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete ndi ku Mwami anachokera m'masukulu amenewa. Apempheni mwaulemu akuuzeni zimene anaona.
Zosayenera: musakopeke ndi nyumba zonyezimira za pa Facebook.

Zoyenera: kalata ina ikakhala yakunja, dziwani chilankhulo chimene odwala akumeneko amalankhula, pakuti m'wodi simusankha woyankhula naye. Ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre, wodwala wa pa Queen Elizabeth adzakuuzani kuti "m'mimba mukupota" ndipo mudzamva. Ku China kapena ku Russia muyenera kuphunzira chinenero chawo kuti mumvane ndi odwala.
Zosayenera: musaiwale za kubwerera. Pepala lakunja limayenera kutsimikizidwa ku ZAQA, ndipo HPCZ ili ndi mayeso ake musanayambe internship. Kumbukiraninso February 2022, pamene nkhondo ya ku Ukraine inathamangitsa ophunzira a ku Zambia maphunziro ali pakati. Musanasaine, funsani ngati zaka zimene mwaphunzira zingawerengedwe ku sukulu ina zinthu zikasokonekera, ndipo yankholo akupatseni lolembedwa.