Mtengo wa Buku la Livingstone

Anzanga ophunzira, tonse timamdziwa Dr. David Livingstone monga mmishoni ndi munthu wa maulendo, amene anafika pa nyanja yathu m'chaka cha 1859. Koma tisaiwale kuti analinso mlembi womveka. Buku lake lotchedwa Missionary Travels and Researches in South Africa linatuluka mu 1857, ndipo anthu a ku Britain analigula ambirimbiri. Tiyeni tione amene analipira mtengo wa mbiri imeneyi.

Mu 1844 mkango unamluma Livingstone pa mkono ku Mabotsa. Anapita kukachirira ku Kuruman, kwa mmishoni Robert Moffat, ndipo kumeneko anakondana ndi mwana wa Moffat, dzina lake Mary. Mary anabadwira mu Africa momwemo mu 1821, ndipo chinenero cha Setswana anachidziwa kuyambira ubwana. Anakwatirana mu January 1845.

Banja latsopanoli silinaone mtendere. Anasamuka kawiri asanakhazikike ku Kolobeng, ndipo kumenekonso anapeza chilala choopsa. Mary anali kuphika, kusoka ndi kuphunzitsa ana a m'mudzi. Mu 1850 anatsagana ndi mwamuna wake kudutsa chipululu cha Kalahari pa ngolo ya ng'ombe, ali ndi pakati, pamodzi ndi ana atatu. Atabwerera anabala mwana wamkazi, Elizabeth, koma khandalo linamwalira patangopita masabata owerengeka. Ngakhale zinatero, chaka chotsatira anadutsanso chipululu chomwecho, ndipo ana anatsala pang'ono kufa ndi ludzu.

Tsono mu 1852 Livingstone anatumiza mkazi wake ndi ana anayi ku Britain, iye natembenukira kumpoto. Anafika ku Luanda mu 1854, anaona mathithi a Victoria Falls mu 1855, natulukira ku Quelimane mu 1856. Ulendo umenewu ndiwo unadzaza buku lija. Nanga Mary? Zaka zinayi zonsezo anali mlendo m'dziko lozizira. Sanamvane ndi apongozi ake, ndalama zinali zoperewera, ndipo anali kusamukasamuka m'nyumba za lendi, nthawi zina osadziwa ngati mwamuna wake ali moyo.

Livingstone atabwerera, anthu anamlandira ndi ulemu waukulu, ndipo bukulo linachotsa umphawi pa banjapo. Koma mu 1858 ananyamukanso kunka ku Zambezi. Mary ananyamuka naye, koma popeza anali ndi pakati anatsala ku Cape Town, nakabalira kwa makolo ake ku Kuruman. Anaonananso poyamba pa 1862 ku mathiriro a Zambezi. Sipanapite miyezi itatu, Mary anadwala malungo ku Shupanga. Mwamuna wake, amene anali dotolo, anayesetsa ndi mankhwala a kwinini, koma sizinathandize. Mary anamwalira pa 27 April 1862, ali ndi zaka 41, ndipo anamuika pafupi ndi mtengo wa mlambe. Tawerengani nokha: pa zaka khumi zomaliza za ukwati wao, sanakwanitse zaka ziwiri ali pamodzi.

Imfa imeneyi inamsweretsa mtima Livingstone, ndipo sanakwatirenso. Mu 1864 anatayanso mwana wake woyamba, Robert, amene anafera ku America pa nkhondo ya pachiweniweni. Komabe sanaleke kulemba. Buku lachiwiri, limene analemba ndi mbale wake Charles mu 1865, linaulula nkhanza za malonda a akapolo m'chigwa cha Shire ndi ku nyanja. Pamene anakwera mapiri a Kirk Range kufupi ndi kwathu kuno mu 1866, anali munthu wofedwa, woyenda wopanda banja. Anamwalira kwa Chitambo mu 1873, ndipo thupi lake lili ku Westminster Abbey pakati pa anthu omveka. Manda a Mary akali ku Shupanga, ku Mozambique, kumene alendo safikako kawirikawiri.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Pachikuto pa buku pamalembedwa dzina limodzi, koma katundu wake amasenza ndi ambiri. Ifenso tili kuno ku sukulu yogonera, ena a ife tikulota zodzakhala alembi, madotolo ndi aphunzitsi, pamene amayi athu akugulitsa mbatata ndi nyemba kuti fizi ipezeke. Tikadzapambana, dzina lidzamveka ndi lathu. Tidzakumbukire amene anatsala kumudzi, ndipo tidzawathokoze akali ndi moyo.