Zosintha Zobisika pa Wikipedia: Mafunso ndi Mayankho kwa Owerenga a kwa Chiwalo

Kabuku aka ndi ka aphunzitsi, ophunzira a kusekondale ndi ena onse a kwa Chiwalo, m'boma la Phalombe, amene amatsegula Wikipedia pafoni, makamaka amene mtima wayamba kuwauza kuti nawonso alembeko. Kakukamba nkhani imodzi yokha: mphamvu imene oyang'anira, amene ambiri timangowati ma admin, ali nayo yochotsa ntchito zina pamndandanda wa zimene zasinthidwa posachedwa.

Kodi mndandanda umenewu ndi chiyani?

Wikipedia inayamba pa 15 Januwale 2001, ndipo chiyambire lamulo lake ndi lakuti aliyense akhoza kusintha nkhani. Pakhomo potseguka chotero pamafunika maso. N'chifukwa chake pulogalamu imene imayendetsa Wikipedia, yotchedwa MediaWiki, imalemba chilichonse chimene munthu wakhudza n'kuchiika patsamba lotchedwa Recent changes. Mzere uliwonse umanena nthawi, dzina la nkhani, amene wasintha, kukula kwa zimene wawonjezera kapena kuchotsa, ndi chifukwa chimene wapereka ngati wapereka. Chilankhulo chilichonse chili ndi mndandanda wakewake. Wa Chichewa uli pa ny.wikipedia.org, ndipo umasunga za masiku 30 apitawo.

Amauwerenga ndani?

Alonda ongodzipereka, osalipidwa. Amayang'ana ngati wina walemba zotukwana m'nkhani ya mfumu, wasintha chaka chobadwa cha munthu mwadala, kapena waikamo nambala yake yotsatsira malonda. Akapeza amabweza.

Ngati mndandandawo ndi wa alonda, bwanji kuwabisiranso zina?

Chifukwa diso limatopa. Nkhaniyi inaonekera poyera mu Okutobala 2002, pamene Derek Ramsey wa ku America analemba kapulogalamu kotchedwa Rambot. Kanatenga ziwerengero za kalembera wa dziko lawo n'kupanga nkhani pafupifupi 30,000 za matauni ndi mizinda m'kanthawi kochepa. Nkhanizo sizinali zoipa. Vuto linali lakuti mndandanda unadzaza ndi mizere ya Rambot yokhayokha, moti mlonda sakanathanso kuona pamene munthu weniweni waononga. Madandaulo a nthawi imeneyo ndi ena mwa amene anachititsa kuti mapulogalamu otere, otchedwa ma bot, azipatsidwa chizindikiro chawochawo. Bot yovomerezeka ikasintha kanthu, mzere wake umakhala ndi chilembo b, ndipo suoneka pamndandanda pokhapokha wowerenga atachita kupempha.

Cholinga chake n'chakuti mizere itatu yofunika isamire m'mizere 500 yosafunika.

Komatu mwati ma admin, osati ma bot. Munthu amabisa bwanji ntchito yake?

Pali njira ziwiri zodziwika bwino. Yoyamba imatchedwa flood flag. Ndi chizindikiro chimene munthu amavala kwa kanthawi pamene akufuna kugwira ntchito yobwerezabwereza ndi manja ake, monga kusamutsa nkhani mazanamazana kuchoka m'gulu lina kupita m'gulu lina. Akachivala, kompyuta imamuwerengera ngati bot. Akamaliza ayenera kuchivula pomwepo. Si wiki iliyonse, kutanthauza tsamba la mtundu wa Wikipedia, imene ili nacho. Chimapezeka pa mawiki monga Meta, Wikidata ndi Simple English Wikipedia, koma Wikipedia yaikulu ya Chingerezi ilibe. Kuti chikhalepo, anthu a wikiyo amayamba agwirizana okha kuti akuchifuna.

Njira yachiwiri ndi yothana ndi woononga. Tinene kuti wina walowa usiku n'kulemba zopanda pake m'nkhani 200. Admin akabweza zonsezo mwachizolowezi, mndandanda ukhala ndi mizere 400: ya woonongayo ndi ya wokonzayo. Koma MediaWiki imalola admin kubweza m'njira yakuti zonse ziwiri, chiwonongeko ndi kukonza kwake, zilembedwe ngati ntchito ya bot. Mndandanda umayera, ndipo woononga uja, amene nthawi zambiri amangofuna kuti dzina lake lionekere, sapindula kanthu.

Ndiye kuti zimenezo zafufutidwa?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Amene munakhalapo pa banki mkhonde mukudziwa kuti masheya a sabata ndi sabata amangodindidwa m'kabuku popanda kukambirana kwautali, pamene ngongole imanenedwa mokweza kuti aliyense amve ndi kuvomereza. Masheyawo sanasowe. Ali m'kabuku, ndipo wokayika akhoza kutsegula n'kuwerenga. Zobisika pamndandanda zilinso chimodzimodzi: zimakhalabe m'mbiri ya nkhani iliyonse, zimakhalabe pamndandanda wa ntchito za munthu amene anazichita, ndipo ngakhale kuvala ndi kuvula kwa flood flag kumalembedwa m'kaundula woonekera kwa aliyense, ndi dzina ndi nthawi.

Kufufuta kwenikweni kuliko, koma ndi chida china. Chimagwiritsidwa ntchito wina akaika nambala ya foni ya mnzake, komwe amakhala, kapena mawu omuipitsira mbiri. Pamenepo mawuwo amachotsedwa ngakhale m'mbiri ya nkhani kuti anthu wamba asawaone. Musasakanize ziwirizi.

Kodi ntchito yoyenera kubisa ndi yotani?

Ndi imene munthu wanzeru zake sangatsutse ngakhale ataiona. Kukonza malo a mpatuliro, kuchotsa ulalo wa chithunzi chimene chinafufutidwa kale, kulumikiza ulalo wakufa ku tsamba losungidwa, monga imachitira InternetArchiveBot. Zotere palibe angakwiye nazo.

Chovuta n'chakuti ntchito zambiri zimaoneka ngati zachizolowezi pomwe mkati mwake muli chiweruzo. Taganizani za kwathu kuno. Phalombe inakhala boma palokha mu 1998. Kale lonse dera lino linali pansi pa Mulanje. Munthu wakutali, woona mapu a lero okha, angaganize zosintha mawu akuti Mulanje kukhala Phalombe paliponse pamene patchulidwa Chiwalo, Nazombe kapena Migowi. M'nkhani zonena za lero akhala atakhoza. Koma m'nkhani ya munthu wobadwa mu 1960, kapena ya chigumula cha Napolo cha mu Malichi 1991, asokoneza mbiri, pakuti nthawi imeneyo ofesi ya DC inali ku Mulanje. Chiganizo chilichonse chimafuna kuwerengedwa pachokha. Ntchito imene ikufuna kuwerenga chiganizo chilichonse si yobisa.

N'chimodzimodzinso ndi masukulu aukachenjede. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa, Polytechnic n'kukhala MUBAS. Kodi amene anamaliza maphunziro mu 1985 anaphunzira ku MUBAS? Ayi. Nanga dzina la nyanja yathu yaikulu? Ife timati Lake Malawi, a ku Tanzania amati Lake Nyasa, ndipo kuseri kwa mayinawo kuli mkangano wa malire. Wosintha dzinalo m'nkhani 100 atavala flood flag sakukonza kalembedwe, akugamula mlandu anzake asakuona. Mawiki amene ali ndi chidachi amanena poyera kuti n'cha ntchito zosakanganitsa basi.

Kodi admin wamtima woipa sangagwiritse ntchito mpata umenewu?

Angathe, ndipo kukana kungakhale kukunamizani. Chomuletsa n'chakuti mapazi ake amatsala m'kaundula, ndipo akagwidwa akhoza kulandidwa udindo. Palinso cholakwa chosachita kufuna: munthu amamaliza ntchito yake, n'kuiwala kuvula chizindikiro, n'kupita kukayankha mkangano wina. Mawu akewo saoneka kwa alonda. N'chifukwa chake n'kwanzeru kuchiika ndi nthawi yothera, kuti chidzivule chokha.

Koma kwa ine choopsa chachikulu pa wiki yaing'ono si kubisa ayi. Mu Ogasiti 2020 zinadziwika kuti mnyamata wina wa ku America, amene sankadziwa chilankhulo cha Scots cha ku Scotland, anali atalemba nkhani zopitirira 20,000 pa Wikipedia ya chilankhulocho. Ankangotenga Chingerezi n'kusintha kalembedwe ka mawu ena. Anachita zimenezi kwa zaka zingapo, ali ndi cholinga chabwino, ndipo anafika pokhala admin. Ntchito yake inali poyera. Eni chilankhulo ndiwo sankabwera kudzayang'ana.

Wikipedia ya Chichewa ndi yaing'ono. Kodi zimenezi zikutikhudza?

Zikutikhudza, ngakhale mosiyana ndi anzathu a zilankhulo zikuluzikulu. Nkhani za Chichewa ndi zongozungulira 1,000, pamene boma la Phalombe lokha linali ndi anthu opitirira 400,000 pa kalembera wa 2018. Pa wiki yotere anthu olemba ndi ochepa, choncho bot imodzi yokha ikhoza kukwirira ntchito yonse ya anthu ya mwezi wathunthu. Zinali choncho pa mawiki ang'onoang'ono ambiri chisanafike chaka cha 2013, pamene ma bot ankayendayenda n'kumawonjezera maulalo olumikiza nkhani ndi inzake ya chilankhulo china. Wikidata itayamba mu Okutobala 2012, maulalowo anasamutsidwira kumeneko mu 2013, phokoso lija n'kuchepa.

Komanso pa wiki yopanda ma admin okwanira, ntchito zina zimagwiridwa ndi anthu akunja otchedwa stewards ndi global sysops, osankhidwa kuti azithandiza mawiki ang'onoang'ono. Iwo amazindikira zotsatsa malonda ndi zinyalala zoonekeratu. Koma chiganizo chimene makina omasulira apotoza, kapena dzina la mudzi wa ku Nambazo limene lalembedwa molakwa, sangazione. Zimenezi zimafuna munthu wa kuno.

Ndingaone bwanji zobisikazo ndili ndi foni yokha?

Tsegulani Recent changes. Pamwamba pali timabokosi tosefera, ndipo kamodzi kamanena kuti muone za anthu okha, osati ma bot. Mukakachotsa, mizere yonse ya b imatulukira. Ngati pafoni sizikuoneka bwino, pitani pansi penipeni pa tsamba musankhe kaonekedwe ka pakompyuta. Tsamba limeneli ndi la mawu okhaokha, silidya bandulo ngati mavidiyo.

Njira yachidule kwa amene mtima wanu uli pa nkhani zochepa, monga ya Phalombe, ya phiri la Michesi kapena ya nyanja ya Chilwa, ndi kutsegula akaunti n'kudina kanyenyezi pa nkhani iliyonse. Zikatero zimalowa pamndandanda wanuwanu, ndipo ndinu amene mumasankha ngati mukufuna kuona za ma bot kapena ayi.

Ndapeza kuti ntchito yobisika yaononga nkhani. Nditani?

Ngati ndi nkhani imodzi, tsegulani mbiri yake, bwezani, ndipo lembani chifukwa m'mawu ochepa. Simufunika kukhala admin kuti muchite zimenezi. Ngati zaonongeka zambiri, musathamangire kukonza imodziimodzi makina akadali kuyenda, chifukwa adzakupitirirani. Lembani patsamba la zokambirana la munthuyo, kapena la mwini wa bot, pakuti bot iliyonse ili ndi munthu woiyankhira. Mupatseni zitsanzo ziwiri kapena zitatu, ndi ulalo wa chilichonse. Akapanda kuyankha, admin ali ndi mphamvu yoimitsa bot pomwepo, ndipo ngati admin wa Chichewa sakupezeka, pempho limaperekedwa kwa stewards pa Meta. Kumeneko ambiri samva Chichewa, ndiye lembani pempholo m'Chingerezi chosavuta, n'kufotokoza zimene chiganizo choonongekacho chikunena.