Phunziro: Dotolo Laws, Sing'anga ndi Mlimi

Abale, tilingalire za Dotolo Robert Laws wa ku Aberdeen. M'caka ca 1875 anafika pa nyanja yathu yino ndi sitima ya Ilala, nakhala ku Cape Maclear. M'caka ca 1876 anagoneka munthu ndi mankhwala a chloroform, namcotsa cotupa, mwini wace wosamva kuwawa. Ndipo mbiri inawanda m'midzi.

Koma malungo anapha anzace, ndipo zitapita zaka zisanu wobatizidwa anali mmodzi yekha, ndiye Albert Namalambe, m'caka ca 1881. Wina akadataya mtima. Iye anasamukira ku Bandawe caka comweco, ndi ku Khondowe m'caka ca 1894. Kumeneko anatsegula minda, nabzala mitengo, nakoka madzi ndi mipope, naphunzitsa anyamata ulimi ndi ukalipentala pamodzi ndi buku. Anacoka m'caka ca 1927, zitakwana zaka 52.

Tsono inu aphunzitsi a ku Mbenji, amene ana anu athawa sukulu kutsata usodzi, musaleme. Mlimi sakolola tsiku lobzala. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Funso: Akadacoka m'caka ca 1880, akadakolola ciani?