Wailesi ikamathetheka, yambani mwaisuntha

M'nyumba zambiri ku Golomoti, ku Mua ndi ku Mtakataka, batire ya sola, inveta, matchaja a foni ndi wailesi zimaunjikana patebulo limodzi. Wailesi ikayamba kuthetheka ngati mafuta pamoto, mwiniwake amathamangira kwa okonza. Dikirani kaye, mwina siinawonongeke.

Kuti mumvetse chomwe chikuchitika, tengani sipika yakufa, muyandikize msomali kumbuyo kwake. Maginito a sipikayo aukoka msomaliwo mpaka kumata. Mukautalikitsa pang'ono, zii. Komatu mphamvuyo siinathe, ndipo ilibe malire. Imangochepa msanga: mtunda ukawirikiza kawiri, yotsala imakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8.

Waya aliyense amene mukudutsa magetsi amazunguliridwa ndi mphamvu yomweyi. Magetsiwo akamagwedezeka mofulumira kwambiri, monga m'tchaja ndi mu inveta, mphamvuyo imatayikira kunja n'kumayenda ngati mafunde. Mafundewa ndi mtundu umodzi ndi kuwala, ndipo onse amayenda m'timagawo totchedwa mafotoni. Mafotoni amene amagwa pa masola a mamegawati 20 a ku Golomoti, omwe anayamba kupereka magetsi mu 2022, ndi abale ake a amene amakubweretserani MBC kapena Zodiak. Tsono wailesi imatola onse, ochokera kusiteshoni ndi ochokera m'tchaja yanu yomwe.

Tcherani siteshoni yomwe mumakonda, muzule tchaja. Phokoso likapitirira, zimitsani babu la LED, kenako inveta ngati wailesiyo ikuyendera mabatire ake. Chimene mwazimitsa phokoso n'kutha, ndicho chikukusokonezani. Ikani wailesi mamita 2 kapena 3 kutali nacho. Nthawi zambiri zimathera pomwepo, osalipira ngakhale tambala. Matchaja otchipa ndiwo amavutitsa kwambiri. Tchaja ikamasokonezabe, gulani ina.

Kuti siteshoni izimveka bwino, eriyo ya wailesi itambasuleni kufika masentimita 75, ndiwo utali woyenera FM. Ngati ana anaithyola, waya wa kopa wa utali womwewo ugwira ntchito. Mafunde a FM amatchingidwa ndi malata komanso mapiri, ndipo ife tili kunsi kwa mapiri a Dedza. Choncho wailesi ikhale pawindo, osaigundiza kumalata, ndipo muziitembenuza pang'onopang'ono mpaka mawu amveke bwino.

Amene munakweza waya pansungwi panja, m'dzinja mabingu akayamba kugunda, uchotseni kuwailesi msanga. Mphenzi imatsata waya mpaka m'nyumba.