Kudzidalira kapena kudzimva?

Anzanga, timasirira achimwene ndi achemwali a ku yunivesite akabwera ku holide ku Machinjiri kapena ku Bangwe. Ambiri ndi aulemu. Koma ndaonapo ena ongodzimva: nkhani iliyonse ithere pa iwo, ukawakonza akwiya, mnzawo akakhoza akuti ndi mwayi chabe.

Akatswiri a za maganizo amalitcha khalidweli narcissism. Dzinali lidachokera m'nthano ya Agiriki, ya mnyamata Narcissus yemwe adakopeka ndi nkhope yake m'madzi mpaka kufera pomwepo. Mu 1979 Robert Raskin ndi Calvin Hall adakonza mafunso oyezera khalidweli, omwe ayesedwa kwambiri pa ophunzira a ku yunivesite.

Zizindikiro zake zazikulu:
1. Kudziona wapadera kuposa onse.
2. Njala yofuna kutamidwa.
3. Kusalabadira zowawa za ena.

Kudzidalira ndi kwina. Wodzidalira samu ikamukanika amafunsa, wodzimva amabisa pepala. Paja safunsa adadya phula.

Khalidweli silidikira kuti munthu afike ku MUBAS, limapezekanso muno mu Fomu 2. Aphunzitsi akabweza mapepala dziyese wekha: mnzako akakuposa, umamuyamikira kapena mtima umawawa?