MTEDZA NDI CITHOKOMIRO

Anthu a ku Lundazi alima mtedza, umene ena aucha nsawa, ndipo mbeu ya Chalimbana idziwika m'cigawo conse ca Kum'mawa. Nsinjiro zace ndizo zikometsa ndiwo zamasamba ndi kulimbitsa phala la ana. Koma alipo ena amene anena kuti mtedza utupitsa khosi. Tiyeni tiilingalire bwino nkhaniyi, kuti wina angamane ana ace cakudya cabwino cifukwa ca mantha.

Patsogolo pa khosi, m'munsi mwa kholingo, pali kanyama kofewa kamene kayendetsa mphamvu ya thupi ndi makulidwe a mwana. Kuti kagwire nchito yace kafuna cinthu cochedwa ayodini. Ayodini akasowa, kanyamako katupa, ndico cithokomiro. Si ufiti ai, ndiponso sicipatsirana. Maiko okwera a kutali ndi nyanja yamcere, monga kuno kwathu, ndiwo asowa ayodini, pakuti mvula inamkokolola m'nthaka kale lomwe.

Nanga mtedza ulowapo bwanji? M'caka ca 1957 akatswiri a ku India anadyetsa makoswe mtedza, napeza kuti m'kakhungu kofiira ka njere muli kanthu kotsekereza nchito ya ayodini. Koma mphamvu yace ili yocepa, ndipo munthu wakudya ayodini wokwanira sayenera kuopa nsinjiro za m'ndiwo. Coopsa koposa ndico cinangwa cowawa cosabviikidwa bwino.

Ku Zambia lamulo la kuthira ayodini mu mcere linaikidwa m'caka ca 1978, nilimbitsidwa m'caka ca 1994. Cifukwa cace, abale ndi alongo, citani izi:

1. Gulani mcere wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini.
2. Usungeni m'cotengera cobvundikira, kutali ndi moto, dzuwa ndi cinyontho, pakuti izi zithawitsa ayodini.
3. Cinangwa cowawa cibviikeni m'madzi kufikira citafewa, ndi kuciyanika bwino.
4. Samalani mai wapakati. Iye akasowa ayodini, mwana akhoza kubadwa wopinimbira, wogontha, kapena wa nzeru zocedwa.
5. Khosi likatupa musateme mphini, koma pitani ku cipatala, pakuti alipo matenda ena a kanyamaka osacokera ku kusowa ayodini.

Mtedza dyani ndi mtima wokhazikika. Wotaya ndiwo wa cuku wokha, umene uononga ciwindi.