Nyimbo zatsopano, nyengo ndi nyengo

Funso: Ndatopa ndi nyimbo zomwezomwezo m'foni mwanga. Oimba atsopano odziimira paokha ndingawapeze kuti, nanga nyimbo zawo ndizisanje bwanji? Wowerenga, Karonga.

Yankho: Yambirani kwanu konko, achimwene. Tcherani khutu ku Radio Dinosaur ndi Tuntufye FM. Mukamva dzina lachilendo, lilembeni, mukalifufuze pa Audiomack kapena YouTube. Lusubilo Band ndi ya ku Karonga komweko, musaidumphe.

Posanja, tsatani nyengo. M'dzinja, mukaweruka kowokera mpunga, thupi limafuna nyimbo zofatsa. M'masika, kilombero atalowa m'nyumba, ikani za ng'oma, zokumbutsa mapenenga ndi ndingala. Kukatentha mu Okutobala, ine ndimakonda gitala yekha, madzulo m'mbali mwa nyanja.

Oimbawa alibe kampani yowathandiza. Akabwera kudzaimba, chonde kalipireni pakhomo.